Kusankha kamera ya m'thumba yojambula bwino ku Tsangano ndi ku Macanga

Kamera ya m'thumba ndi kamera ya dijito yaing'ono yomwe lenzi yake ndi yomangiriratu, sichotsedwa ngati ya makamera akuluakulu aja amanyamula atolankhani. Makamera ambiri otere amalemera pakati pa magalamu 200 ndi 500, ndipo amalowa m'thumba la jekete kapena m'kachikwama ka m'chiuno. M'maboma a Tsangano ndi Macanga, m'chigawo cha Tete, ena amangoti makina, potengera dzina lake la Chipwitikizi. Oifuna kuno kawirikawiri ndi anthu amene chithunzi ndi mbali ya ntchito yawo: wojambula pazikwati ndi paubatizo, mlangizi woyendera minda ya kachewere ku Ntengo-wa-Mbalame kapena ya fodya ku Chidzolomondo, mlembi wa mpingo, ndi mnyamata wotola tizithunzi ta pamakalata a sukulu pa Furancungo. Onsewa ndalama zawo n'zowerengeka, ndipo wodziwa kukonza kamera ali kutali.

Kamera yoyamba ya dijito anaipanga Steven Sasson, injiniya wa kampani ya Kodak ku America, m'chaka cha 1975. Inkalemera makilogalamu oposa atatu ndi theka, ndipo chithunzi chimodzi chopanda mitundu chinkatenga masekondi 23 kuti chilowe pa kaseti. Pofika 2010, makampani a m'bungwe la CIPA la ku Japan anali kutumiza pamsika makamera a dijito oposa 120 miliyoni pachaka, ambiri a m'thumba. Mu 2023 chiwerengerocho chinali chitatsikira pansi pa 8 miliyoni. Chinawadya makamerawa ndi foni. Ichi ndiye chiyambi cha kusankha konse, chifukwa foni yabwino ya lero, panja masana, imatola chithunzi chosachepera pa cha kamera yotchipa ya zaka 10 zapitazo, ndipo nthawi zina imaiposa. Kamera imene singapambane foni ili kale m'thumba ndi katundu wongolemetsa. Pomwe kamera yabwino imaonetsa ukulu wake ndi pamene kuwala kwachepa, pamene chojambulidwa chili patali kapena chikuyenda mwaliwiro, ndiponso pamene chithunzi chikatsukidwe chachikulu chopachika pakhoma.

Choyamba kufunsa ndi chinthu chosaoneka ndi maso, chifukwa chili mkati, kuseri kwa lenzi. Dzina lake ndi sensa, kachigamba kamagetsi komwe kuwala kumagwera, kamene kanalowa m'malo mwa filimu. Kukula kwa kachigambaka kumalamula ubwino wa chithunzi kuposa china chilichonse. Makamera otchipa ali ndi sensa yolembedwa kuti 1/2.3, yomwe m'litali ndi mamilimita 6 ndi pang'ono, m'lifupi 4 ndi theka. Njere imodzi ya chimanga ikhoza kuiphimba. Yotsatira amaitcha ya inchi imodzi, ngakhale kuti inchiyo siikwana, dzinalo linangotsalira kuchokera ku machubu a makamera akale a kanema. Muyezo wake ndi mamilimita 13.2 kwa 8.8, kutanthauza kuti ikulingana ndi kasimu khadi kakang'onong'ono kolowa m'mafoni amakono, ndipo malo ake ndi kanayi kuyerekeza ndi ya njere ya chimanga ija. Pamwamba pake pali ya Four Thirds, mamilimita 17.3 kwa 13. Kenaka pali ya APS-C, mamilimita 23.5 kwa 15.6, yofanana ndi simu khadi yaikulu ya mafoni akale a mabatani. Imeneyi imaposa yaing'ono ija maulendo 13.

Sensa yaikulu imakolola kuwala kochuluka pa kamphindi komweko. Kuwala kukachepa, kamera iliyonse imadzithandiza pokweza chimene chimalembedwa kuti ISO, ndipo zimene zimachitika pamenepo amazidziwa aliyense amene anamverapo siteshoni yakutali pa wailesi ya mabatire: voliyumu ikakwezedwa, mawu amakwera, koma kusokosera nako kumakwera. M'chithunzi kusokoserako kumaoneka ngati mchenga wowazidwa ponseponse. Kamera imayesa kuusalaza mchengawo, ndipo posalazapo imafufutanso tsitsi, maluwa a pachitenje ndi mizere ya pankhope, munthu n'kutuluka ngati woumba ndi dongo. Sensa ya njere ya chimanga imayamba vutoli ISO ikangodutsa 400 kapena 800. Ya inchi imodzi imapirira mpaka cha m'ma 1600, ndipo ya APS-C imafika 3200 kapena 6400 chithunzi chikadali chogulitsika.

Ogulitsa sakonda kukamba za sensa. Amathamangira mamegapikiseli, chifukwa nambala yake ndi yaikulu ndipo yalembedwa poonekera pabokosi. Megapikiseli imodzi ndi timadontho 1 miliyoni topanga chithunzi. Timadonthoti timagawana malo a sensa monga ana agawana munda wa makolo: ana akachuluka munda sukula, chimachepa ndi gawo la aliyense. Makamera awiri akhoza kukhala onse a mamegapikiseli 20, koma ngati ina sensa yake ndi ya inchi imodzi, kadontho kake kalikonse kali ndi malo kanayi kuposa ka inzake. Ndipo nambala yofunika kwenikweni ndi yochepa modabwitsa. Chithunzi wamba cha masentimita 10 kwa 15, chija chimagulitsidwa ukatha ukwati, chimakwanira ndi mamegapikiseli awiri ndi pang'ono. Chodzaza pepala lonse la A4 chimafuna osafika 9. Choncho kamera iliyonse ya pakati pa 12 ndi 24 yakwanira kale ntchito zonse za kuno, ndipo kulipira ndalama zoonjezera chifukwa cha nambala yokhayi ndi kugula dzina.

Chachiwiri ndi lenzi, makamaka kukula kwa khomo lolowera kuwala. Khomoli limayezedwa ndi nambala yoyamba ndi chilembo cha f, ndipo nambalayi imayenda chammbuyo: ikachepa, khomo lakula. Lenzi ya f/2 imalowetsa kuwala kawiri kuposa ya f/2.8, ndiponso kanayi kuposa ya f/4. Kutsogolo kwa kamera, mozungulira galasi, kumalembedwa nambala ziwiri, monga 1.8 ndi 2.8, kapena 3.3 ndi 6.4. Yoyamba ndi khomo pamene lenzi sinakoke, yachiwiri ndi khomo pamene yakoka mpaka pamapeto. Wogula wanzeru amayang'anitsitsa yachiwiriyo, chifukwa makamera ambiri amayamba bwino n'kumatsinzina akamakoka. Pa 6.4 kuwala kolowa sikufika gawo limodzi la magawo asanu a kolowa pa 2.8.

Phindu la sensa ndi lenzi limaoneka bwino m'chigafa. Ku Macanga, komwe fodya wa bale ndiye mbewu yodalirika yobweretsa ndalama, mlangizi amalowa pansi pa denga la udzu pomwe masamba alendewera m'mizere yothithikana. Kunja dzuwa likuswa mtengo, koma mkati kuwala kukungozembera cham'mbali. Chimene akufuna kujambula ndi mtundu wa tsamba, ngati likufiirira bwino kapena layamba kuda ndi chinyezi, pakuti mtunduwo ndiwo udzalamule giredi pamsika. Kamera yotchipa imangoyatsa fulashi. Masamba apafupi amayera mbee, akumbuyo amamira mumdima, ndipo mtundu umene amaufuna uja watayika. Kamera ya inchi imodzi yokhala ndi f/1.8 imajambula ndi kuwala komwe kulipoko, fulashi osayaka. Chotsala ndi kuiuza kamera chimene chili choyera, chifukwa udzu ndi masamba zimapaka chilichonse chikasu. Makamera abwino amalola kuti munthu aloze pepala loyera pamalo omwewo n'kutsindika batani, ndipo mitundu yonse imabwerera m'malo mwake. Kamera yosalola zimenezi siyenera ntchito ya zaulimi. Momwemonso ndi pojambula mawanga a chiwawu pamasamba a kachewere ku Tsangano, kapena ntchemberezandonda m'nsonga ya chimanga: pamafunika mtundu woona, ndi lenzi yotha kuona bwino pa masentimita 5 kapena kucheperapo.

Ukwati uli ndi mayeso akeake. M'tchalitchi cha malata cha mawindo ang'onoang'ono vuto ndi mdima. Anthu akatuluka panja vuto limatembenuka: diresi ndi velo ya mkwatibwi zili mbee padzuwa, suti ya mkwati ndi yakuda, ndipo nkhope zili pamthunzi wa velo ndi zipewa. Kamera ikasiyidwa kuti iganize yokha imaopa kuyera kwa diresi n'kuchepetsa kuwala, nkhope za akwati n'kuda mpaka maso okha ndi mano ndiwo kuoneka. Chithunzi chotere apongozi sachigula. Sensa yaikulu imatha kusunga zonse ziwiri, zoluka za padiresi ndi khungu la pankhope, chifukwa mtunda umene imaona pakati pa kuwala ndi mdima ndi wautali. Komabe yokha sikwanira. Pamafunika batani kapena kagudumu kokhala ndi zizindikiro za kuonjezera ndi kuchotsera, koti chala chikafikire msanga, kuti wojambula awalitse nkhope mwadala. Kamera imene kagudumuka kanabisidwa m'kati mwa menyu imachedwetsa munthu pomwe gulu likuyenda kale ndi nthungululu. Palinso mtundu wa fayilo wotchedwa RAW, womwe umasunga zonse zimene sensa inaona, mosiyana ndi JPEG yomwe kamera imaiphika yokha n'kutaya zotsala. Nkhope yoda pa RAW ikhoza kuwalitsidwa pa kompyuta osaonongeka kwambiri. Kwa wopanda kompyuta RAW ndi yongodzaza khadi, koma kupezeka kwake ndi chizindikiro chakuti kamerayo inapangidwira anthu a ntchito.

Pa zumu, ndiko kuti kukoka zakutali, ndi pamene anthu ambiri amanyengekera. Nambala monga 30x singonena kanthu kena koma kuti pamapeto lenzi imakoka maulendo 30 kuposa poyambira. Nambala zothandiza ndi za mamilimita. Pa 24 kapena 28 kamera imatenga gulu lonse la kwaya m'chipinda chopanikiza. Pakati pa 70 ndi 100 ndi pojambulira nkhope ya munthu mmodzi osaifutukula mphuno. Kuyambira 200 ndi za patali, monga bwalo la mpira. Lamulo la magalasi silinyengereka: thupi laling'ono, zumu yaitali, sensa yaikulu ndi khomo lalikulu sizikhalira pamodzi, china chimayenera kulephera. Nikon Coolpix P1000, yomwe inatuluka mu 2018, imakoka maulendo 125, koma imalemera pafupifupi kilogalamu ndi theka, ndipo sensa yake ndi ya njere ya chimanga yomwe ija. Zumu inanso yolembedwa kuti ya dijito si zumu n'komwe. Imangodula pakati pa chithunzi n'kupafutukula, ndipo ndi bwino kuizimitsiratu.

Chojambulidwa chikamayenda, nkhani imakhala liwiro la chitseko cha kamera. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha Achewa a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, savinidwa modekha, ndipo ngoma ya Angoni nayo mwendo umatsika ngati mphezi. Kuti wovina aime chilili pachithunzi, chitseko chiyenera kutseguka gawo limodzi la magawo 500 a sekondi, kapena mwachangu kuposa apo. Kamera yoyenera imakhala ndi chilembo cha S kapena Tv pagudumu la pamwamba, pomwe wojambula amadzisankhira liwirolo. Pano lenzi ya khomo lalikulu imathandizanso, chifukwa gule amakoma dzuwa litapendeka, kuwala kutayamba kutha. Makamera ambiri ali ndi chipangizo choletsa kugwedera, ndipo n'chofunika, koma chimangochiza kunjenjemera kwa manja a wojambula, wovina sichimuimitsa. Ziyenera kunenedwanso kuti zumu yaitali si chilolezo. Pabwalo la gule amayamba wapempha kwa amfumu ndi akuluakulu a gulewo, ndipo kudambwe kamera silowa, ngakhale yokokera kutali.

Kanthu kena kamene ogula amakakumbukira mochedwa ndi kadiso koyang'aniramo. Dzuwa la mu Okutobala limafufuta sikirini ya kumbuyo mpaka munthu kumangojambula mongoganizira. Kamera yokhala ndi kadiso kosuzumira ilibe vutoli.

Makamera amene amakwanitsa zimene zakambidwazi si ambiri, ndipo akugawika m'magulu. Gulu loyenera anthu ochuluka ndi la inchi imodzi. Linayamba ndi Sony RX100 mu 2012, ya mamegapikiseli 20, yokoka kuchokera pa mamilimita 28 mpaka 100. Mtundu wake wachitatu, wa 2014, uli ndi lenzi ya 24 mpaka 70 yomwe khomo lake silichepera pa f/2.8, komanso kadiso kotulukira pamwamba. Kwa wojambula zikwati, umenewu ndi mitundu iwiri yotsatira ndiyo yokoma. Wachisanu ndi chimodzi, wa 2018, ndi wachisanu ndi chiwiri, wa 2019, imafika mamilimita 200, koma khomo linachepa, ndiye imakondera zapanja kusiyana ndi za m'tchalitchi. Canon PowerShot G7 X, yomwe inayamba mu 2014 n'kukonzedwanso mu 2016 ndi 2019, ili ndi lenzi ya 24 mpaka 100 pa f/1.8 mpaka f/2.8, koma kadiso ilibe. Panasonic Lumix TZ100 ya 2016 imakoka maulendo 10 pa sensa yomweyo ya inchi imodzi, ndipo ndi yogwirizanitsa mbali zonse kwa wofuna zumu. Kunja kwa gululi kuli Lumix LX100 ya 2014, yomwe sensa yake ndi ya Four Thirds, ndipo imafuna thumba la jekete, la malaya silikwana.

Pamwamba pa onsewa pali a APS-C, omwe ambiri mwa iwo zumu alibiretu. Ricoh GR III ya 2019 imalemera magalamu 257 ndipo imaona pa mamilimita 28 basi. Fujifilm X100VI ya 2024 ili ndi mamegapikiseli 40 ndipo imaona pa 35. Zithunzi zawo n'zapamwamba zedi, koma wofuna kuyandikira amayenda ndi miyendo, ndipo mtengo wake ndi woopsa: X100VI inatuluka pa madola 1,599 a ku America, omwe chaka chimenecho anali kupitirira mametikali 100,000, msonkho ndi mayendedwe zisanawerengedwe. Kwa munthu wodalira zithunzi za 10 kwa 15, ndalama imeneyo kubwerera kwake n'kovuta. Kumbali inayo kuli Olympus Tough TG-6 ya 2019 ndi mng'ono wake OM System TG-7 wa 2023. Sensa yawo ndi yaing'ono ija, mamegapikiseli 12, ndiye usiku sachita bwino. Koma lenzi yawo situluka kunja, fumbi sililowa, amapirira madzi akuya mamita 15 ndi kugwa kuchokera pa mamita awiri, ndipo amaona kachilombo pa sentimita imodzi. Kwa mlangizi woyenda m'madimba nthawi ya dzinja, kamera yolimba yotere imaposa yokongola imene ingafe mwezi wachitatu.

Kulimbaku n'kofunika chifukwa mdani wamkulu wa kamera m'maboma awiriwa ndi fumbi. Misewu yambiri ya kumidzi ndi yadothi, ndipo kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, njinga yamoto kapena chapa ikadutsa fumbi limakhala m'malere kwa nthawi. Lenzi yotuluka ndi kubwerera imapuma ngati mvukuto, ndipo popuma imakokera fumbilo m'kati. Likafika pa sensa limasiya kadontho kakuda pamalo amodzimodzi pachithunzi chilichonse, ndipo poti lenzi sichotsedwa, kulichotsa kumafuna kumasula kamera yonse. Ngakhale Ricoh GR, ndi kudula kwake konse, imadziwika ndi vutoli. Kamchenga kamodzi kokha kakalowa m'mano a lenzi, kamera imakana kutseguka. Mankhwala ake ndi kachikwama kotseka ndi zipi, kamera kuizimitsa isanalowe m'thumba, ndiponso kuinyamula pathupi osati kuimangirira pakaliyala pomwe mabampu onse amathera. Galasi silipukutidwa ndi nsonga ya chitenje kapena ya malaya. Amayamba auzira fumbi ndi kampira kopopera, kenaka n'kupukuta ndi kansalu kofewa ka magalasi a maso. Dzinja nalo lili ndi zake: chinyezi chimameretsa chuku m'kati mwa galasi, chooneka ngati ulusi wa kangaude, ndipo chikakhazikika sichichoka. Kamera isungidwe m'kontena yotseka bwino, pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi tija timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano.

Batire la kamera ya m'thumba ndi laling'ono. Ambiri amatola zithunzi pakati pa 200 ndi 350 asanathe, zomwe sizikwanira ukwati woyambira kutchalitchi mpaka pa perekaniperekani. Kuzizira kwa mapiri a Tsangano mu Juni ndi Julayi kumalifooketsanso msanga, ndiye lachiwiri limasungidwa m'thumba la m'kati, pafupi ndi thupi. Kumene magetsi a EDM sanafike, funso lofunika ndi lakuti kamerayo imatchajidwa bwanji. Ina, monga ya banja la RX100, imalandira moto kudzera pa chingwe cha USB ngati foni, ndiye sola yaing'ono ya pakhomo imaikwanira. Ina imafuna tchaja yakeyake yolumikiza kukhoma, ndipo tchajayo ikasowa kamera yagona. Wogula afunsenso ngati batire la mtunduwo likupezekabe, pakuti kamera yabwino ya batire losowa ili ngati njinga yopanda tcheni.

Makamera a mtundu wapamwambawu sapezeka m'misika ya pamudzi. Ofuna amafufuza m'mashopu a mumzinda wa Tete, kapena amaoloka malire pa Biri-Biri kapena pa Calomue kupita ku Lilongwe ndi ku Blantyre, kapena amatuma abale okhala ku Johannesburg. Ambiri amathera pa yogwiritsidwapo kale, ndipo palibe cholakwika, chifukwa RX100 ya zaka 10 yosamalidwa bwino imajambulabe kuposa kamera yotchipa yatsopano. Kungoti mitengo ya makamera akale yakwera m'zaka zaposachedwa, achinyamata a m'maiko ambiri atayambanso kuwakonda chifukwa cha TikTok, moti ngakhale tija ta sensa yaing'ono tikugulitsidwa modula kuposa ntchito yake. Kamera yakale imayesedwa ili m'manja, ndalama zisanatuluke. Kutumiziratu ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola kwa munthu wongomuona pa Facebook ndi kutaya dala. Poyesa, amaiyatsa ndi kuizimitsa kangapo, khutu lili pa lenzi, kumvera ngati ikukukuta. Amakoka zumu mpaka pamapeto n'kubweza. Amaunika m'galasi ndi tochi ya foni kufuna chuku ndi mikwingwirima. Kenaka amachepetsa khomo kufika pa f/8 kapena f/11, n'kujambula thambo loyera kapena pepala, ndipo chithunzicho amachikulitsa pa sikirini: fumbi la pa sensa limaonekera pomwepo ngati timadontho. M'malo olowera batire musakhale dzimbiri, ndipo tizomangira tikhale tosakumbika mitu, chifukwa tokumbika timaulula kuti wina anaitsegulapo. Chomaliza ndi chilankhulo cha menyu. Makamera ena a Sony ndi Panasonic opangidwira msika wa ku Japan amalemba Chijapani chokhachokha, Chipwitikizi kapena Chingerezi mulibe. Lisiti lokhala ndi nambala ya kamerayo limathandiza pachipata cha malire, komanso limateteza wogula ngati katunduyo atapezeka kuti anali wakuba.

Pamsika padzazanso timakamera topanda dzina lodziwika, topepuka ngati chidole, tolembedwa mamegapikiseli 48 kapena kuposa, 4K ndi zumu ya 16x, pamtengo wokopa. M'kati mwake mumakhala kasensa kakang'ono ka mtundu wa mafoni otchipa, ndipo nambala yaikuluyo imapezeka pofutukula chithunzi chaching'ono. Lenzi yake siyenda n'komwe. Chizindikiro chake n'chakuti pabokosi satchula kukula kwa sensa. Makhadi osungira zithunzi nawo ali ndi achinyengo: khadi limalembedwa magigabaiti 64 pomwe m'kati ndi ochepa, ndipo likadzaza limayamba kuononga zithunzi mwakachetechete, kamera ikuonetsabe ngati zonse zili bwino. Khadi latsopano liyesedwe polidzaza lonse ndi mafayilo n'kuwatsegulanso, lisanapite ku mwambo wosabwerezeka. La magigabaiti 32 limasunga zithunzi za JPEG zoposa 3,000 za kamera ya mamegapikiseli 20, kapena za RAW pafupifupi 1,500, ndipo awiri otere ndi otetezeka kuposa limodzi lalikulu.

Ubwino umene kamera yasunga ukhozanso kutayika panjira yopita kotsukitsa. Makamera ambiri opangidwa kuyambira cha m'ma 2013 ali ndi Wi-Fi yotumizira zithunzi ku foni, koma ena amazichepetsa akamatumiza pokhapokha munthu atasankha kukula kwake konse m'menyu. WhatsApp nayo imafinya chithunzi chilichonse chotumizidwa mwa nthawi zonse, moti cha mamegapikiseli 20 chimakafika chitatsala ndi ochepa. Kuti chifike chathunthu ku situdiyo ya ku Ulongwe kapena ku Tete, chimatumizidwa ngati dokumenti, ngakhale kuti njirayi imadya mamegabaiti ambiri a Movitel kapena Vodacom. Zithunzi zikachuluka, chotchipa ndi kunyamula khadi lenilenilo, zonse zitakopedwa kaye pa foni kapena pa kompyuta kuti khadi likatayika m'chapa ntchito ya tsiku lonse isapite nalo.